Nkhunda Yopaka pa Khoma Louma

Pompei, 9 Meyi

Okondedwa amake Nisa,

Nyanja yatseguka, zombo zayambanso kuyenda, ndiye landirani moni wanga woyamba wa chaka chino. Ine kuno ndili bwino, kachifuwa kaja kanapita ndi chisanu. Kaya inu kumeneko, Nisa ndi Menipo, ndi amayi anu ndi mwendo wawo uja?

Sosibiyo wa chombo cha mafuta akupatsirani madinari makumi atatu. Mulandire maso muli gwa, munthu uja zala zake zimamata. Mugule mbuzi ina yamkaka, zotsalazo mumalizitse denga la chipinda chatsopano. Koma khoma lakum'mawa lija musalipake njereza, chonde. Achimwene anu akabwera ndi ndowa yawo muwabweze. Ndakhala zaka zonsezi ndikukongoletsa makoma a anthu a ku Pompei, mkazi wanga n'kumagona moyang'ana njereza? Khoma limenelo ndi langa. Ndidzajambulapo mtengo wa makangaza ndi timbalame, monga munapemphera.

M'kalata yanu munandifunsa, ndi kansanje kanu kosabisika kaja, ngati akazi amaliseche amene ndimajambulawa amavuladi pamaso panga. Mayi, ndani angavulire mmisiri wonunkha njereza? Matupiwo ndimawatenga m'mutu, ndipo mukafuna kudziwa kuti analowamo bwanji m'mutumo, dzifunseni nokha.

Abwana athu a Kresento andipatsa ntchito yaikulu kwa a Vibidiyo Kalvo, mpondamatiki wa minda ya mpesa uja. Akazi awo, mayi Plotila, akufuna Venusi akutuluka m'nyanja pa khoma la chipinda chodyera, thupi la mulunguyo koma nkhope yawo. Amakhala pampando atavala mpaka kumapazi, wantchito akuwakupiza, ine n'kumayang'ana nkhope basi. Nsidze zawo zimakumana pakati, ina yokwera pang'ono ngati akukufunsa kuti waba chiyani, ndipo pachibwano pali kadzenje.

Tsiku loyamba ndinadziyalutsa. Ndinati, "Pepani mayi, alendo azidzadya akuyang'ana zimenezi. Abwana sadzakwiya?"

Anaseka mpaka kugwira pamtima. "Iwe Mgiriki, unabwera dzulo kodi? Ikapo nkhunda, ikapo kamwana kamapiko kanyamule galasi, kumutuko chisoti chagolide. Wokhala ndi nkhunda ndi mulungu. Wopanda nkhunda ndiye hule. Ndipo m'chiunomo uchepetseko, wamva?"

Ndachepetsa. Ntchitoyi ikayenda bwino, chaka chamawa nthawi ngati ino ndili kwathu.

Ndine mwamuna wanu,
Atenodoro

Pompei, 14 Julayi

Amake Nisa,

Ndili moyo, ndikudya, ndanenepa mpaka lamba ndaboola pena. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti mbuziyo ikutulutsa mkaka. Musamupatse Menipo kuti azikama, amafinya ngati akulimbana ndi mdani.

Venusi uja ndinamaliza. A Kalvo anaitana akuluakulu kuphwando, ine n'kundiimika pakhomo ngati bulu wamalonda. Nkhalamba ina, wansembe wa kukachisi, inayang'ana khomalo mpaka nkhuyu inapulumuka m'manja, ikungoti, "Luso! Ili ndiye luso!" Kaya ndi lusodi limene inkayang'ana. Eni nyumba anandigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba. "Mwamuona mkazi wanga? Dzanja la Mgiriki uyu ndi lagolide!" Mayi Plotila anagona pamphasa yawo yodyera pansi pa chithunzicho, osaphethira n'komwe.

Komabe nyumba imeneyo ndimalowamo mtima uli m'mwamba. Muli kapolo wina wachikulire, Hilaro, amene ankandipatsira madzi. Zala zake zakumanja n'zopindika ngati mizu ya mtengo. Nditamufunsa anati anagwetsa mbale yagalasi pamaso pa alendo. "Abwana salalata ayi," anatero. "Amangokufunsa mwaulemu kuti ndi dzanja liti lalakwa." Mkate umene ndinkadya ndinangouika pansi.

Izi zinazi musawauze amayi anu. Tsopano ndikugwira ku bafa la Gurge, pafupi ndi chipata cha kudoko, kumene amasamba amalinyero ndi oyendetsa abulu. Pamwamba pa bokosi lililonse losungiramo zovala akufuna pakhale chithunzi, kuti osadziwa kuwerenga azikumbukira pomwe aika malaya awo. Zithunzi zake ndi za mwamuna ndi mkazi, mwadziwa kale. Kwathu ku Patara tikanati zolaula, kuno ana amadutsa pansi pake akutafuna mtedza. Gurge akuti, "Ndisaonepo milungu ine. Anthu anga aziseka, wa diso loipa akamva phwete amathawa."

Ntchito yake ndi yothamanga. Mukudziwa kuti utoto timapaka pulasitala akadali wamuwisi, khoma limwe, zikhale chinthu chimodzi mpaka kalekale. Ndi kutentha kumeneku, Felikiyo, mnzanga womata pulasitala, akangomata m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu wauma kale. A Kresento nawo ali kumbuyo, "Fulumira Mgiriki, si kachisi ameneyu!" Ndiye dzanja limangothamanga lokha, mutu n'kumatsalira m'mbuyo.

Mafuta a nyale akwera mtengo kuno. Mukakolola azitona musafulumire kugulitsa.

Wanu,
Atenodoro

Pompei, 30 Ogasiti

Amake Nisa,

M'thupi ndili bwino. Tulo tokha ndi timene tandithawa. Ndikhulupirira inu ndi ana muli bwino.

Za Menipo zoti akayambe kuphunzira kujambula kwa a Diyodoto, mubadikira kaye. Ndidzanena.

Ndaona malodza, mkazi wanga. Kalatayi muwerenge nokha, musapatse Nisa kuti akuwerengereni.

Bafa la Gurge litatsegulidwa ndinapita kukasamba ngati wina aliyense. Ndikuvula nsapato, woyendetsa abulu wina anaponyera wosunga zovala malaya ake n'kukuwa kuti, "Iwe, undiikire pansi pa mayi Plotila! Dzulo unandiika kwina ndinasochera!" Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Wina akuti, "Pamenepo padzaza ankolo, aliyense akufuna pomwepo!"

Ndinakweza maso. Bokosi lachitatu kuchokera kukhomo. Nsidze zokumana pakati, ina yokwera. Kadzenje pachibwano. Ngakhale tsitsi, timizere tawo topota. Palibe nkhunda, palibe chisoti, ndipo mwamuna amene ali naye si mulungu, ndi munthu wamba wa chimimba. Ndinangokhala pansi ndi nsapato imodzi m'manja.

Ndikulumbira pa manda a bambo anga, sindinachite dala. Nkhope imeneyo ndinakhala nayo miyezi iwiri, m'mawa ndi madzulo, mpaka inalowa m'zala. Pulasitala akuuma, a Kresento akukuwa, dzanja linajambula nkhope imene linkaidziwa. Ine mwini sindinaone. Mmisiri akamagwira amaona nsidze payokha, chibwano pachokha, saona munthu.

Ndinathamangira kwa Felikiyo. "Achimwene, inu simunaone?"

"Ndinaona mawa lake, litauma kale," anatero, maso ali pansi. "Ndimati mwina akutumani ndi adani awo. Aise, ine ndinangomata pulasitala. Akadzafunsa mudzanene choncho."

A Kalvo ali ndi bafa lawolawo kunyumba, ndipo anthu a msinkhu wawo saponda kudoko. Chimene chikundisunga ndi chimenecho basi. Koma mumzinda muno nkhani imayenda ndi abulu, imafika khomo lililonse. Ine si nzika ya Roma, amake Nisa. Nzika imapita kubwalo la milandu. Mlendo ngati ine amakumana naye m'kanjira.

Ndikadzuka ndimayamba ndayang'ana dzanja langa. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Mukapereke tambala kukachisi m'dzina langa. Wansembe akafunsa munene kuti n'za ulendo.

Atenodoro

Pompei, 19 Seputembala

Okondedwa amake Nisa,

Ndili bwinoko. Kalata yapitayi ndinalemba mtima uli phaphapha, musaitengere kwambiri. Kaya inu, Nisa malungo aja anamusiya?

Ndinapita kwa Gurge kukamupempha kuti tigumule pulasitalayo ndijambule china, mwaulere, utoto wanga. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ugumule? Iwe ukudziwa kuti anthu akuchokera ku Nuseriya kudzasamba kuno? Ena akusamba kawiri pa tsiku, khungu latsala pang'ono kusupuka! Ndani wati ndi mayi Plotila? Palembedwa dzina? Ine ndikuona mkazi wa nsidze basi."

Gurge ali ndi achibale m'bwalo la akuluakulu, ndiye khoswe wakhala pamkhate. Kwa a Kresento ndiye kunali kuipa. Anatseka chitseko n'kunena chapansipansi kuti, "Ine ndinakutuma akazi, sindinakutume akazi a eni. Zikavuta sindikukudziwa."

Ndinakhala masiku osadya bwino. Kenaka ndinakumbukira mawu a mayi Plotila eni ake. Wokhala ndi nkhunda ndi mulungu. Ndinabwerera kwa Gurge n'kunena kuti, chabwino, nkhope ikhale, koma ndiloleni ndiwonjezere tinthu tingapo. Anavomera chifukwa anaona ngati nthabwala. Ndiye ndapakapo nkhunda yoyera paphewa la mkaziyo, chisoti chagolide kumutu, kamwana kamapiko pambali, ndipo wa chimimba uja ndamuveka chipewa chachitsulo ndi kumuikira mkondo pakhoma. Tsopano ndi Venusi ndi Marsi mulungu wankhondo. Zoterezi zili m'nyumba zolemekezeka zambirimbiri muno, ngakhale kwa wansembe wa nkhuyu uja. Ndani angakwiye kuti mkazi wake wafanana ndi mulungu, pamene iye mwini analipira kuti afanane naye?

Felikiyo anabwera kudzaona, n'kukanda khomalo ndi chala. "Mwapaka pouma."

"Ndasakaniza ndi dzira ndi guluu. Zigwira."

"M'chipinda chodyera zikanagwira. Muno ndi m'bafa, achimwene. Nthunzi ija mukuidziwa."

Ndikuidziwa. Koma ndikanatani, poti kumata pulasitala watsopano Gurge anakana? Pakadalipano anthu akuseka mosiyana. Akuti, "Mayi akwezedwa pantchito." Ena ayamba kuika zovala kwina, akuti kuvula pansi pa mulungu kumabweretsa tsoka.

Ndatumiza nsalu yabuluu ya Nisa ndi mpeni wa Menipo. Ndalama n'zochepa ulendo uno, utoto wagolide ndinagula ndekha. Mphesa zikapsa muitane ana a mlongo wanu adzathandize, musakwere nokha pamakwerero.

Wanu nthawi zonse,
Atenodoro

Pompei, 27 Okutobala

Amake Nisa,

Ichi ndi chombo chomaliza nyanja isanatsekedwe, ndiye mukapanda kumva za ine mpaka Epulo musadabwe. Ndili bwino. Mupereke moni kwa amayi.

Ndinafuna kukwera chombo chimenechi ndekha m'malo mwa kalatayi. Katundu ndinamanga, Sosibiyo ndinagwirizana naye. Dzana ndikutuluka pakhomo ndi mtolo wanga, ndinapeza kapitawo wa a Kalvo atatsamira khoma, akusenda khangaza lake mosafulumira.

"Ulendo wa kuti, mmisiri?"

"Ndikukachapitsa zovala, bambo."

"Ndi maburashi omwe?" Anamwetulira. "Abwana akupikisana nawo pa masankho a mu Malichi, akufuna udindo woyang'anira misika ndi mabafa. Akuti dzina lawo pa makoma a mumzinda alembe ndi wa dzanja lagolide uja, wina ayi. Ndiye usapite patali. Oyendetsa zombo onse padokopa amanyamula vinyo wathu, tawauza kuti ndiwe wofunika."

Akudziwa kapena sakudziwa? Funso limeneli ndimadya nalo, ndimagona nalo. Ndikapita kunyumba kwawo amandilandira bwino, amandipatsa vinyo. Mayi Plotila okha ndi amene asintha. Anandidutsa pakhonde, nsidze ija ili m'mwamba, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Ndamva kuti nkhunda zikuuluka mpaka kudoko masiku ano. Uzisamale zisathawe." Hilaro sanditungiranso madzi, akandiona amalowera kwina.

Ndimapita ku bafa m'mawa uliwonse ngati wodwala mphere. Phiko limodzi la nkhunda layamba kutukuka, m'mphepete mwa chisoti mwayamba timing'alu. Ndimapakanso, mawa lake pena patukuka. Gurge wayamba kundilipiritsa polowa, akuti ndikumuthera madzi.

Choopsa kwambiri ndi ichi. Wofuna udindo umenewu amagulira anthu tsiku losamba mwaulere masankho akayandikira, ndipo iye mwini amayenda bafa ndi bafa kugwirana chanza ndi ovota. Tsiku limenelo ng'anjo zimasonkhezedwa kuyambira m'mamawa, anthu amadzaza mpaka panja, makoma amachita kutuluka thukuta.

Mkazi wanga, ndikapanda kulemba mu Epulo, munda wa azitona ndi wa Menipo, wamphesa ndi wa Nisa, achimwene anga asakunamizeni. Koma ndilemba. Ndangonena poti chisanu n'chachitali.

Khoma lija mwalisunga? Masiku ano ndikafuna kuti mtima ukhale pansi ndimatseka maso n'kumalijambula m'mutu. Mbalame ndaziika kale zinayi, imodzi ikujompha khangaza losweka.

Mundikumbukire.
Atenodoro

Puteoli, 16 Epulo

Okondedwa amake Nisa,

Ndine ndemwe, musadabwe ndi zilembo zokhotazi. Ndikulemba pang'onopang'ono, kalatayi ndinaiyamba dzana. Ndili moyo. Kaya inu, ana, ndi amayi, mwadutsa bwanji chisanu?

Ndili padoko la Puteoli, ndikudikira chombo cha tirigu chimene chidzaima ku Patara pobwerera. Ndifika azitona asanachite maluwa. Musatumize Menipo kudoko, mubwere nokha.

A Kalvo anapambana masankho. Tsiku losamba mwaulere lija ndinalipo, ndinaima pakona. Nthunzi inali yoti sungaone mnzako. Pamene a Kalvo ankalowa ndi anthu awo, nkhunda inali itagwa kale, tizidutswa toyera tili pamalaya a munthu wina m'bokosi. Chisoti chinkatsika ndi madzi pankhope ngati misozi yachikasu. Chipewa cha Marsi chinatsala theka. Munthu wina mpaka anabisa nkhope m'thaulo.

Anaima, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati mokweza, "Ntchito yabwino. Mkaziyu sindikumudziwa." Anagwirana chanza ndi aliyense, ndi Gurge yemwe, n'kutuluka.

Anadikira mpaka mavoti atawerengedwa. Kenaka anandiitanitsa, masana dzuwa likuswa mtengo, kuchipinda chodyera chija. Anandikhazika pansi, anandipatsa vinyo. Venusi wanga ali pamwamba pathu, nkhunda yake ili mbee, chifukwa imeneyo ndinapaka pauwisi. Anati, "Taona Mgiriki. Thupi lomwelo, nkhope yomweyo, wojambula yemweyo. Uyu alendo anga amamuombera m'manja. Uja wandisandutsa choseketsa cha oyendetsa abulu. Ine sindine wankhanza, sindingalange munthu yense chifukwa cha chiwalo chimodzi." Kenaka anandifunsa funso lija, mwaulemu ndithu, monga ananenera Hilaro.

Ndinaganiza zonama, mkazi wanga. Koma dzanjalo anali atalikweza yekha m'mwamba pamaso pa alendo, ankalidziwa.

Zotsalazo ndidzakuuzani pamaso, kapena sindidzakuuzani. Hilaro ndi amene anandimanga nsanza, amadziwa kamangidwe kake. Felikiyo anandisunga kwawo mpaka kutupa kunaphwa, munthu uja ndinamuweruza molakwa. Khoma la ku bafa analigumula sabata yomweyo, mwa lamulo la woyang'anira mabafa watsopano, akuti linali ndi chinyezi. Venusi wa m'chipinda chodyera akadalipo, ndipo ndamva kuti mabanja ena awiri akufuna wotero. A Kresento akufunafuna wojambula.

Ndikamva nsapato kumbuyo kwanga ndimanjenjemerabe, ngakhale kuno. Mwina zidzatha ndikadzaona phiri lakwathu.

Maburashi ndagulitsa, ndalama yake ndi imene ndalipira chombo. Ndikubwera ndi zochepa, musauze anthu kuti wa ku Italiya akubwera ndi chuma. Menipo apite kwa achimwene anu akaphunzire za mphesa, kwa a Diyodoto asapondeko. Khasu langa lija alifupikitse mpini, likhale lopepuka. Kukama mbuzi mudzandiphunzitsa, akuti ena amatha ndi dzanja limodzi.

Nisa mumuuziretu, asadzakuwe pondiona. Ndipo ndikadzatsika m'chombo mudzandigwire kumanzere.

Khoma lakum'mawa lija, auzeni achimwene anu abwere ndi ndowa yawo. Alipake njereza ndisanafike.

Ndine mwamuna wanu,
Atenodoro